WA LENDI AKASANDUTSA NYUMBA YA MWINI KUKHALA YOGONA ALENDO

M'maboma ambiri a dziko lino anthu a kumidzi amanga nyumba za njerwa pafupi ndi misika ndi m'mbali mwa miseu kuti azichititsa lendi. Ena ndi alimi amene anagulitsa fodya kapena mtedza nagula malata. Ena ndi aphunzitsi amene akonzekera masiku a ukalamba. Enanso ali pa nchito ku South Africa ndipo anasiya nyumba m'manja mwa abale. Kwa anthu otere ndalama ya lendi ndiyo ilipira sukulu ya ana, ndiyonso igula feteleza mvula ikayandikira.

Tsono pali chizolowezi chimene chayamba kubvutitsa eni nyumba. Munthu afika napempha nyumba, nanena kuti adzakhalamo iye ndi banja lache. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mwini nyumba amva kwa anansi kuti pakhomo paja pafika nkhope zachilendo tsiku ndi tsiku. Ena agona usiku umodzi, ena masiku atatu, ndipo onse alipira ndalama kwa wa lendi uja. Mwina iyeyo sakhalamonso, angobwera m'mawa kudzachapa zofunda ndi kutolera ndalama. Nyumba imene inamangidwa kuti mukhale banja limodzi yasanduka resitihausi, mwini wache osadziwa. Nkhani ino ifotokoza chimene mwini nyumba ayenera kuchita zikatere, ndiponso chimene sayenera kuchita konse.

KUMENE CHIZOLOWEZICHI CHICHOKERA

Chimene chikoka anthu ndi phindu. Mwachitsanzo, munthu achita lendi nyumba ya zipinda zitatu pa K80,000 pa mwezi. Akamagonetsa alendo pa K10,000 chipinda chimodzi usiku umodzi, ndipo chipinda chilichonse chikapeza mlendo masiku 15 okha pa mwezi, ndiye kuti atolera K450,000. Akachotsapo lendi atsala ndi K370,000, pamene mwini nyumba, amene anaumba njerwa ndi kugula malata, alandira K80,000 yache yomwe ija.

Mpata wa malonda otere upezeka makamaka kumene kufika anthu a paulendo: m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, pa zipata za dziko monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, pafupi ndi zipatala zazikulu kumene anthu adikirira odwala ao, ndi pa misika ikuluikulu nyengo ya kugulitsa mbeu. Kale wogonetsa alendo ankadalira anyamata a pa depoti kuti azimlondolera anthu. Masiku ano foni ya m'manja ndiyo igwira nchito imeneyo. Wa lendi ajambula zipinda naika zithunzi pa Facebook kapena WhatsApp. Ena alembetsa nyumba ku Airbnb, kampani imene inayamba ku San Francisco, ku America, m'chaka cha 2008, ndipo nchito yache ndi kukumanitsa apaulendo ndi anthu amene ali ndi malo ogona kudzera pa intaneti. Mlendo alipiriratu asanafike, nauzidwa pamene pabisika kiyi. Chifukwa chache mwini nyumba wokhala kumudzi angathe chaka chathunthu osamva kanthu.

KUSIYANITSA MLENDO NDI MALONDA

Pamafunika kusamala pano, pakuti kulandira alendo ndi mwambo wa makolo. Wa lendi ali ndi ufulu wolandira apongozi ache, mbale amene wabwera ku chipatala, kapena anthu amene afika pa maliro, ndipo safunika kupempha chilolezo pa zimenezi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mwini nyumba amene awerenga alendo a mnzache pa chipata ndiye wolakwa, ndipo sachedwa kutsala ndi nyumba yopanda munthu.

Mafunso atatu athandiza kusiyanitsa. Loyamba, kodi ogonawo alipira ndalama? Lachiwiri, kodi wa lendi anawadziwa kale, kapena akumana nao koyamba pa khomo pomwepo? Lachitatu, kodi nyumbayo ilengezedwa kwa anthu onse, pa chikwangwani, pa foni kapena kudzera mwa anyamata a kabaza? Ngati anthu alipira, ndi osadziwika, ndipo nyumba ilengezedwa, amenewo si alendo a pabanja. Amenewo ndi malonda, ndipo katundu amene agulitsidwa ndi nyumba ya munthu wina.

CHIFUKWA CHACHE NKHANIYI SI YAING'ONO

Ena anena kuti malinga lendi ifika pa nthawi yache, mwini nyumba alibe chodandaula. Maganizo amenewa ndi olakwika pa zifukwa zingapo.

Nyumba yolowa anthu ambiri ikalamba msanga. Munthu wogona usiku umodzi sasamala loko, galasi la zenera kapena mpope wa madzi monga achitira amene akhalamo chaka. Chimbudzi chokumba chimene chikadatumikira banja limodzi zaka zambiri chidzaza mwa nthawi yochepa, ndipo wokumba china ndi mwini nyumba. Ngati mita ya madzi ili m'dzina lache, ngongole ikaunjikana a Water Board afunsa iye.

Palinso nkhani ya umoyo. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga m'chaka cha 2022 ndi kupitirira kufikira 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anabvutika kwambiri. Malo amene mugona apaulendo osiyanasiyana, opanda chimbudzi chokwanira ndi madzi osamba m'manja, ndi khomo lolowera matenda otere. N'chifukwa chache Boma lifuna kuti aliyense wochita malonda ogonetsa alendo akhale ndi laisensi, ndipo malo ache aziyenderedwa ndi akuluakulu a zaumoyo ndi a khonsolo. Nyumba yogonetsa alendo mobisa ilibe zonsezi.

Chinanso, pakachitika umbava, ndeu, moto kapena imfa m'nyumbamo, apolisi ayamba kufunsa kuti nyumbayi ndi ya yani. Amene anaika nyumba yache pa inshuwalansi monga nyumba yokhalamo banja angakanizidwe chipukuta misozi zikadziwika kuti munkachitika malonda. Ndiponso anansi amene asowa tulo ndi phokoso la usiku sadziwa wa lendi. Adziwa mwini nyumba, amene adzakhala nao pa maliro ndi pa ukwati zaka zonse.

CHIMENE PANGANO LINENA

Maziko a nkhani yonse ndi pangano limene awiriwo anachita poyamba. Wa lendi anapatsidwa nyumba chifukwa mwini wache anamuona, namfunsa, namkhulupirira. Ngati pangano lolembedwa linena kuti nyumbayo ndi yokhalamo iye ndi banja lache, kapena kuti asalowetsemo wina wa lendi popanda chilolezo, ndiye kuti kugonetsamo anthu olipira ndi kuswa pangano. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, nalonso sililola okhala m'nyumba zache kuzichititsa lendi kwa ena.

Maiko ena aweruza kale milandu yotere, ndipo ya ku England ndi yofunika kuidziwa pakuti malamulo ambiri a nyumba ndi mapangano m'dziko lino anachokera kumeneko. M'chaka cha 2016 bwalo lina la ku England linaweruza mlandu wa mai amene ankagonetsa apaulendo m'nyumba imene pangano lache linati ndi yokhalamo basi. Bwalolo linapeza kuti munthu wogona masiku owerengeka sitinganene kuti akhala pamalopo monga kwao, kotero mai uja anaswa pangano. M'chaka cha 2019 munthu wina amene ankakhala m'nyumba ya khonsolo ya Westminster, mu mzinda wa London, anatulutsidwa m'nyumbamo nalamulidwa kubweza ndalama zoposa mapaundi 100,000 zimene anapindula pogonetsamo alendo kwa zaka zingapo.

Koma pamene pangano linali la pakamwa chabe, kapena linalembedwa koma silinenapo kanthu za alendo olipira, mwini nyumba asathamangire kuganiza kuti mlandu ndi wache. Aliyense akumbukira mau omkomera iye yekha, ndipo woweruza afuna umboni. Zikatere njira yabwino ndi kukambirana ndi kulemba pangano latsopano, kapena kupereka notisi yoyenera.

CHOYAMBA: KUPEZA CHOONA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphekesera za anansi si umboni, pakuti mwina wonenayo anakangana ndi wa lendi pa nkhani ya nkhuku. Mwini nyumba atumize mau kuti adzafika tsiku lakuti kudzaona nyumba, ndipo apite masana pamodzi ndi munthu mmodzi wodalirika. Asalowe mobisa kapena kuthyola chitseko, chifukwa pa nthawi yonse ya lendi nyumbayo ndi mudzi wa wokhalamoyo.

Pali zizindikiro zosabisika: maloko pa chitseko cha chipinda chilichonse, manambala pa zitseko, mabedi ochuluka koma popanda zobvala za ana kapena ziwiya za kukhichini. Ngati nyumbayo ilengezedwa pa foni, mwana wa sukulu angathe kuthandiza kusunga zithunzi zache pamodzi ndi mtengo ndi tsiku. Mwini nyumba alembe m'kope masiku amene munagona anthu ndi maina a anansi amene angabvomere kuchitira umboni.

CHACHIWIRI: KUKAMBIRANA

Akapeza choona, aitane wa lendi akhale pansi pamaso pa mboni. Amfunse mwaulemu, namlole afotokoze mbali yache. Nthawi zina zipezeka kuti munthuyo nchito inamthera ndipo anayamba kugonetsa alendo m'chipinda chimodzi kuti apeze ya lendi yomweyo. Ena achita mosadziwa, poganiza kuti akalipira mwezi nyumba ndi yao kuchita nayo chimene afuna. Enanso anachitira dala kuyambira pachiyambi. Anthu atatuwa sangaweruzidwe mofanana, ndipo mwini nyumba sangadziwe amene ali naye ngati ayamba ndi kukalipa.

CHACHITATU: KALATA

Zokambiranazo zitsatidwe ndi kalata, ngakhale wa lendi atapepesa ndi kulonjeza. Pali chifukwa chachikulu. Mwini nyumba akadziwa kuti pangano laswedwa koma napitiriza kulandira lendi miyezi ndi miyezi osanenapo kanthu, khoti lingamuyese ngati wabvomereza. Kalata ndiyo isonyeza kuti sanabvomereze. Ilembedwe pawiri, ikhale ndi tsiku, ndipo wa lendi asaine pa imodzi imene mwini nyumba asunge. Akakana kusaina, mboni ilembepo kuti inaona kalata ikuperekedwa. Mau ache angakhale otere:

"Okondedwa Bambo, Ndalemba kukukumbutsani pangano lathu la pa 1 March, limene linena kuti nyumba ya pa msika ndi yokhalamo inu ndi banja lanu. Pa 6, pa 13 ndi pa 20 June munagonetsamo anthu olipira popanda chilolezo changa. Ndikupemphani kuti muleke zimenezi, ndi kuchotsa zithunzi za nyumbayi pa intaneti, asanathe masiku 14 kuchokera lero. Mukapanda kutero ndidzakupatsani notisi monga mwa pangano lathu. Ine wanu, mwini nyumba."

Ngati nyumbayo inalembetsedwa ku kampani yonga Airbnb, mwini nyumba angathenso kudandaula ku kampaniyo kuti iye sanapereke chilolezo.

CHACHINAI: KUSANKHA NJIRA

Pali njira zitatu. Yoyamba ndi yakuti wa lendi aleke malondawo, akonze zimene zinaonongeka, napitirize kukhala monga kale. Ngati ndi munthu wolipira bwino ndipo wamva, imeneyi ndiyo njira yosataya ndalama, pakuti nyumba yokhala miyezi iwiri yopanda munthu nayonso ndi kuluza.

Yachiwiri ndi kubvomereza malondawo poyera ndi kulemba pangano latsopano. Si tchimo kugonetsa alendo. Cholakwa ndi kuchita mobisa pa nyumba ya mwini. Pangano lotere linene lendi yatsopano yolingana ndi malondawo. Linene kuti wa lendi atenge laisensi m'dzina lache asanalandire mlendo wina. Litchule chiwerengero cha anthu ogona pa usiku umodzi. Lilamule kuti pakhale buku lolembamo maina a alendo. Linene wolipira madzi ndi magetsi, wopopa kapena kukumba chimbudzi, ndi wokonza zoonongeka. Ndipo pakhale ndalama ya chikole. Ndi nzeru kuyamba ndi miyezi isanu ndi umodzi ya kuyesa, ndi kumva maganizo a anansi ndi a mfumu a deralo.

Yachitatu ndi kuthetsa pangano. Notisi ikhale yolembedwa, ndipo itsate nthawi imene pangano linena. Pamene palibe cholembedwa ndipo lendi ilipidwa mwezi ndi mwezi, notisi isachepere mwezi wathunthu. Tsiku lotuluka awiriwo ayendere nyumba pamodzi ndi mboni, alembe zoonongeka, ndipo mtengo wache uchotsedwe pa chikole. Chotsala chibwezedwe kwa mwini wache popanda kumzunguza.

WA LENDI AKAKANA KUTULUKA

Apa ndi pamene eni nyumba ambiri agwa m'mbuna. Mtima ukapsa, wina akwera padenga nachotsa malata. Wina azula zitseko, wina akhoma loko wache pamwamba pa loko wa mnzache, wina adula madzi ndi magetsi, ndipo wina alemba ganyu anyamata kuti ataye katundu pabwalo. Zonsezi ndi zoletsedwa. Wochita zotere angamangidwe ndi apolisi, ndiponso angalamulidwe kulipira katundu yense amene wasowa kapena kunyowa. Munthu amene anali wolakwiridwa m'mawa apezeka woimbidwa mlandu madzulo, ndipo wa lendi uja ndiye asanduka wodandaula.

Njira yoyenera iyamba kwa a mfumu kapena akuluakulu a deralo, amene kawirikawiri athetsa nkhani zotere popanda kutaya ndalama. Zikakanika, mwini nyumba apite ku khoti la majisitireti, kumene kalaliki adzamuuza za kalembedwe ka dandaulo ndi khoti loyenera mlandu wache. Atenge pangano, malisiti a lendi, kalata ya chenjezo, notisi, zithunzi ndi mboni zache. Khoti likagamula kuti wa lendi atuluke, otulutsa ndi akuluakulu otumidwa ndi khotilo, osati mwini nyumba. Amene alibe ndalama ya loya angafunse thandizo ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene Boma linaika kuti ithandize anthu osauka pa milandu.

Nanga alendo amene apezeka m'nyumbamo? Iwo alibe mlandu. Analipira ndalama zao mokhulupirika, osadziwa kuti wolandirayo si mwini nyumba. Asatukwanidwe kapena kuthamangitsidwa usiku. Auzidwe mwaulemu mmene zinthu zilili, ndipo ngati afuna kubwezeredwa ndalama, akafunse kwa amene anazilandira.

MAU KWA OKHALA M'NYUMBA ZA LENDI

Amene aona mpata wa malonda ogonetsa alendo ayambe wapempha. Eni nyumba ambiri angabvomere akauzidwa poyera ndi kupatsidwa gawo lao. Wochita mobisa apindula miyezi yochepa, koma potsiriza ataya nyumba, ataya chikole, ndipo mbiri yache imtsogolera kulikonse kumene akafunse nyumba pa msika womwewo. Aphunzitsi, alangizi ndi anchito a zaumoyo amene akhala m'nyumba za Boma kapena za mishoni akumbukire kuti nyumbazo anapatsidwa chifukwa cha nchito yao, ndipo si zochitira malonda.

KUPEWA BVUTO LISANAFIKE

Milandu yambiri yotere siikadachitika pakadakhala pepala limodzi lolembedwa bwino tsiku loyamba. Pangano silifuna mau obvuta. Likhale ndi maina a awiriwo, malo a nyumba, lendi ndi tsiku lolipira, chikole, chiwerengero cha okhalamo, nthawi ya notisi, ndi mau onga awa: "Nyumbayi ndi yokhalamo wa lendi ndi banja lache. Sadzachititsa lendi nyumbayi kapena chipinda chache kwa munthu wina, ngakhale usiku umodzi, popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba. Alendo a pabanja osalipira ndi ololedwa." Onse awiri asaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo aliyense asunge pepala lache.

Mwini nyumba azipereka lisiti mwezi uliwonse, ndipo aziyendera nyumba yache kamodzi pa miyezi itatu atatumiza mau. Amene akhala kutali asankhe mbale kapena mnansi mmodzi womuyang'anira, namdziwitse kwa wa lendi ndi kwa a mfumu. Amene nyumba zao muli kale anthu popanda cholembedwa asadikire mkangano; angathe kukhala pansi mwezi uno ndi kulemba zimene anagwirizana.

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kufotokozera anzao nkhaniyi pa misonkhano ya m'midzi, ndi kuthandiza okalamba amene ali ndi nyumba za lendi kulemba mapangano ao.